Safunsa Anadya Phula: Zimene Anatiuza Mayi a ku Laibulale

Anzathu amene simunabwere ku msonkhano wa Loweruka lapitali, munaphonya. Mlendo wathu anali mayi amene amayang'anira laibulale pa sukulu ina ya sekondale m'boma lathu lino la Ntcheu. Tinawapempha zimene analemba, ndipo alembi athu awonjezeramo zina zimene mayiwa ananena pakamwa. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumizireko anzanu.

*

Zikomo a wapampando, a komiti, makolo amene mwabwera kudzatiperekeza, ndi inu nonse achinyamata. Ndakuonani nonse, ngakhale inu mwakhala kumbuyoko mukudinadina mafoni. Musawabise mafoniwo, tiwafuna kutsogoloku.

Atandiitana kuti ndidzalankhule za ntchito yanga, ndinadziwa kuti ena mwa inu muti, "Lero ndiye tigona." Paja anthu amati ntchito ya ku laibulale ndi kupukuta fumbi pa mabuku, kudinda chidindo, ndi kuuza ana kuti akhale chete. Zimenezo ndimachitadi, sindikana. Koma ntchito imene imandidyera nthawi yambiri ndi yoyankha mafunso. Ndipo amene amandizunguza mutu si ophunzira ayi. Ophunzira amafunsa za mayeso basi. Amene amandizunguza mutu ndi anzanga ogwira nawo ntchito: aphunzitsi, akalaliki a mu ofesi, amayi ophika, mpaka alonda a pageti.

Zimayamba nthawi ya tiyi. Wina anena kanthu, wina atsutsa, mawu akwera, abetcherana Fanta kapena mandasi. Kenako ndimangomva mapazi akubwera pakhonde, wina akuti, "Tiyeni tikafunse mayi a mabuku." Mayi a mabukuwo ndine. Ena akuganiza kuti mabuku onse ali m'mashelefumo ndinawameza.

Ndili ndi kope lachikuto cholimba limene ndimalembamo mafunso amenewa. Ndimalemba tsiku, funso, yankho, ndi kumene ndapeza yankholo. Ndabwera nalo, ndi ili. Ndikuwerengerani ochepa, kenako ndikuuzani chifukwa chimene sindiseka funso la munthu ngakhale litamveka ngati lopanda mutu.

Kodi pa Lizulu ndadyera kunja?

Loyamba linachokera kwa aphunzitsi a masamu. Anati, "Mayi, dzulo ndinatsika minibasi pa Lizulu, ndinaoloka msewu n'kukagula chipisi. Kodi ndinganene kuti ndinakadyera kunja kwa dziko?"

Mukuseka, koma yankho lake ndi eya. Tonse timadziwa kuti kuchokera cha ku Biriwiri kukafika cha ku Lizulu, msewu wa M1 m'malo ambiri ukuyenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Funso lenileni ndi lakuti, n'chifukwa chiyani malirewo anadzera pamenepo, mpaka kudula midzi ya anthu apachibale? Tinatsegula mapu ndi buku la mbiri. Malire amenewa anachokera ku pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891. Azunguwo anagwirizana kuti kuno malire atsate msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula ikagwa mbali ino, madzi amatsikira ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire. Ikagwa tsidya linalo, amatsikira m'mitsinje ya ku Mozambique yopita ku Zambezi. Msewu nawonso umakonda pamsana pomwepo chifukwa sipafuna milatho yambiri. Ndiye msewu ndi malire zinakumana.

Angoni a Maseko ankakhala mbali zonse ziwiri malirewo asanalembedwe. N'chifukwa chake tsidya lija kuli boma lotchedwa Angónia, ndipo dzina loti Tsangano lili kuno, lilinso uko. Mwaona? Funso la chipisi latiphunzitsa mbiri ndi jogalafe. Aphunzitsi aja tsopano amadzitama kuti amapita kunja mwezi uliwonse opanda pasipoti.

Mbatata ya kachewere kwawo n'kuti?

Lachiwiri anabwera nalo amayi ophika. Iwo kwawo ndi ku Tsangano, ndipo anakwiya atamva aphunzitsi ena akuti kachewere ndi wa ku Ireland, n'chifukwa chake pachizungu amamutchula dzina la dziko limenelo. Amayiwo anati, "Bodza! Agogo anga analima kachewere, agogo a agogo anga analimanso. Ndi wa ku Tsangano ameneyu!"

Nditafufuza, onse awiri anaphonya. Kachewere kwawo kwenikweni ndi ku South America, m'mapiri a Andes, cha ku Peru ndi Bolivia. Anthu a ku Spain ndi amene anapita naye ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Dzina la Ireland linamumatirira chifukwa anthu a kumeneko anamudalira kwambiri, moti matenda atagwira mbewuyi kuyambira mu 1845, njala inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Kwathu kuno amachita bwino ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Dedza chifukwa ndi kumtunda kozizira, ngati kwawo komwe.

Nditawonjezera kuti chimanga nacho chinachokera ku Mexico, chinangwa ku South America, tomato cha komweko, m'chipindamo munangoti zii. Amayi ophika anati, "Nanga makolo athu ankadya chiyani?" Ndinati mapira ndi mawere. Fanta ya tsiku limenelo ndinamwa ndine, poti onse analuza.

Malaya ofiira ndi mphenzi

Lachitatu ndi la alonda a pageti, bambo achikulire ndithu. Muwakumbukire bambo amenewa, tibwereranso kwa iwo. Tsiku lina dzinja anabwera chipewa chili m'manja n'kunena kuti, "Mayi, pepani, funso langa ndi lachibwana. Kodi n'zoona kuti mphenzi imalondola munthu wovala zofiira?"

Tonse tinakula tikuuzidwa zimenezi, eti? Mitambo ikada, amayi amakuwa kuti vula malaya ofiirawo. Ndinawakhazika pampando, tinatsegula buku la sayansi. Mphenzi ndi magetsi, ndipo magetsi saona mtundu wa chovala. Amafuna njira yachidule yofikira pansi. N'chifukwa chake amakonda chinthu chachitali chimene chaima pachokha: mtengo wa pakati pa munda, mlongoti, kapena munthu amene waima pabwalo la mpira. Choopsa kwambiri ndi kuusa mvula pansi pa mtengo, ndipo n'zimene ambiri timachita. Malo abwino ndi m'nyumba kapena m'galimoto yotseka.

Ndinawaphunzitsanso kamasewera. Mukaona ching'aning'ani, yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve kugunda. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi, chifukwa kuwala kumafika nthawi yomweyo pamene phokoso limayenda pang'onopang'ono. Bambo aja anakondwa ngati mwana. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera sabata iliyonse. Kodi bilimankhwe ali ndi ululu? Alibe. N'chifukwa chiyani Pasaka amasinthasintha tsiku pamene Khirisimasi sisintha? Chifukwa Pasaka amatsata mwezi wakumwamba: ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi. Mafunso awo adzaza masamba ambiri m'kope muno.

Yankho limadalira mmene mwafunsira

Pali mafunso ena amene onse okangana amakhala akulondola. Aphunzitsi awiri anakangana kuti mishoni yoyamba ya Akatolika m'Malawi ndi iti. Wina amati Nzama, kwathu konkuno. Wina amati Mua, ku Dedza. Mabuku akuti ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers anatsegula Mua mu 1902. Ndiye wa Nzama anayamba kuvina. Koma nditawerenga mopitirira ndinapeza kuti a White Fathers anayamba afika kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, kungoti sanakhalitse, anachokako mu 1891. Tsono ngati mukufunsa yoyamba kutsegulidwa, ndi ya kwa Mponda. Ngati mukufunsa yoyamba imene inakhazikika mpaka lero, ndi Nzama.

Apa m'pamene pali luso la ntchito yathu. Munthu akakufunsa, usathamangire kuyankha. Yamba wamufunsa kuti akufuna kudziwa chiyani kwenikweni, ndipo akufuna akachite nacho chiyani. Mikangano yambiri, ngakhale ya m'magulu anu a WhatsApp, imakhala ya anthu awiri amene akuyankha mafunso awiri osiyana.

Musaganize kuti matenda a mikangano yotereyi ndi athu okha. Buku lotchuka lija la Guinness, lolemba za zinthu zoposa zinzake padziko lonse, linabadwa chonchi. Mu 1951 mkulu wa kampani ya Guinness, Sir Hugh Beaver, ali kosaka mbalame ku Ireland, anakangana ndi anzake kuti mbalame yothamanga kwambiri mwa mbalame zosakidwa ku Ulaya ndi iti. Anasowa buku lowalamula. Mu 1955 buku loyamba linatuluka. Mkangano wa nthawi ya tiyi unabala buku logulidwa dziko lonse.

Tsiku limene ndinachita manyazi

Tsopano ndikuuzeni za kulakwa kwanga, kuti musamati mayi aja amadziwa zonse.

Alipo ali ndi K50 m'thumba? Ija masiku ano sigula ngakhale chitumbuwa. Itulutseni muione. Nkhope ili pamenepo ndi ya Inkosi ya Makosi Gomani. Tsiku lina mphunzitsi wina wachinyamata, wochokera kuchigawo china, anandipeza pakhonde akuthamangira m'kalasi. Anati, "Mayi, mwachangu, Gomani wa pa K50 uja anatani?" Ine, poti ndine mwana wa konkuno, ndinayankha osaganiza kawiri. Ndinati, "Ndi uja anaphedwa ndi Angerezi mu 1896." Iye anapita, n'kukauza kalasi yonse, ana n'kulemba m'makope.

M'mawa mwake kunabwera kamtsikana ka Fomu 2, kochokera cha ku Lizulu. Kanaima pakhomo mwaulemu n'kunena kuti, "Madamu, agogo anga akuti amene ali pa ndalamayo si amene anaphedwa uja, koma mwana wake." Mtima unangoti phwii. Ndinatenga K50, ndinawerenga dzina lolembedwa pamenepo. Gomani Wachiwiri. Dzina linali pomwepo nthawi yonseyi, ine osaliwerenga.

Zoona zake ndi izi. Gomani Woyamba, mwana wa Chikuse, ndi amene anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu Okutobala 1896, ndipo manda ake ali kufupi ndi Dombole. Wa pa K50 ndi mwana wake, Philip Gomani, Gomani Wachiwiri. Ameneyu anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma la atsamunda. Boma linamuchotsa pa ufumu ndipo linafuna kumusamutsa. Anaolokera ku Mozambique pamodzi ndi m'busa wa ku England, Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza. Anamwalira mu 1954. Anthu awiri, bambo ndi mwana, nkhondo ziwiri zosiyana, zaka zoposa makumi asanu pakati pake. Ine ndinawaphatikiza kukhala munthu mmodzi.

Ndinapita kwa mphunzitsi uja, ndinapempha mphindi zisanu za phunziro lake. Ndinaima kutsogolo kwa ana n'kunena kuti, "Dzulo ndinanama ndine, osati aphunzitsi anu. Fufutani, lembani izi." Sizinali zophweka, abale. Koma taganizani, funso limenelo likanabwera pa mayeso, ana onse aja akanalephera chifukwa cha liwiro la pakamwa panga.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi lamulo: sindiyankha ndi mutu wokha. Ngakhale ndikudziwa, ndimatsegula buku, ndimaloza ndi chala, munthuyo aone yekha. Ndipo ndinaphunzira kuti laibulale ina ili kumudzi, yakhala pamkeka. Amene anandikonza ine anali agogo amene mwina sanalowepo mu laibulale chibadwire.

Funso limene linali ndi mbuzi m'kati

Tibwerere kwa alonda aja. Tsiku lina anabwera mosiyana ndi masiku onse. Sanaseke, sanakhale pansi. Anadikira mpaka ophunzira onse atatuluka, kenako anatulutsa kafoni kawo. Anati, "Mayi, lero si za bilimankhwe. Tandiwerengereni ichi."

Unali uthenga umene mnyamata wawo analandira. Mnyamatayo analemba MSCE, anakhoza bwino, koma anakhala pakhomo zaka ziwiri opanda chochita. Uthengawo unkati wasankhidwa kukayamba ntchito ku bungwe lina lodziwika, ndipo atumize K45,000 pafoni, ya fomu ndi yunifolomu, lisanafike mawa masana, apo ayi malo ake apatsidwa kwa wina. Bambowo anali atapeza kale wogula mbuzi yawo. Mbuzi imodzi yokhayo, imene amasungira fetereza. Anati, "Mayi akunyumba akuti tigulitse, mwayi sudikira. Koma ine ndati ndiyambe ndafunsa mayi a mabuku."

Tinakhala pansi. Ndinawafunsa kuti, kodi mnyamatayu analemberako kalata yofunsira ntchito ku bungwe limeneli? Anati ayi. Nanga munthu angasankhidwe bwanji pa mpikisano umene sanalowe? Tinaona nambala yotumizako ndalama: inali ya munthu wamba, osati ya ofesi. Tinatsegula nyuzipepala za mwezi wonse, The Nation ndi The Daily Times, kufuna chilengezo cha ntchitoyo. Munalibe. Kenako ndinafufuza nambala yeniyeni ya bungwelo kuchokera kwina, osati ya mu uthengamo, n'kuimba. Anandiyankha kuti sakulemba anthu ntchito, salipiritsa munthu wofuna ntchito, ndipo anthu ena anali ataimba kale kudandaula za uthenga womwewo. Dzina lawo linangobedwa ndi akuba.

Bambo aja anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye kuti mwana wanga sanapeze ntchito." Apa m'pamene ndinamva kuwawa. Ine ndimaganiza kuti ndapulumutsa mbuzi, koma iwo anali atataya chiyembekezo chimene anagona nacho usiku wonse. Choonadi nthawi zina chimawawa. Koma mbuzi inatsala m'khola, fetereza anagulidwa. Patapita masiku anadzandiuza kuti banja lina m'mudzi mwawo linatumiza ndalamazo, ndipo nambala ija sikupezekanso.

Tsono funso langa kwa inu ndi ili. Tsiku lija la malaya ofiira ndikanawaseka, kapena kuwauza kuti ndatanganidwa, kodi akanabwera ndi foni ija? Sakanabwera. Munthu amayamba wakuyesa ndi funso laling'ono kuti aone ngati umunyoza. Ukamulandira bwino, tsiku lina amabwera ndi funso limene lanyamula moyo wake. N'chifukwa chake funso la bilimankhwe ndimaliyankha ndi ulemu womwewo umene ndingayankhire funso la a hedi.

Pamene ndimati "pitani kwa eni ake"

Pali mafunso ena amene sindimaliza ndekha. Nthawi ya kolera ija, imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, amayi ophika anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti kachasu amapha tizilombo ta kolera m'mimba. Ndinawaonetsa zimene a zaumoyo analemba. Chimene chimapha munthu wa kolera ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo mowa umangowonjezera vutolo. Chofunika ndi kumwetsa wodwala Thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala. Ngati Thanzi palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa muli panjira. Koma ndinawauzanso kuti ine sindine dokotala, akafunsenso alangizi a zaumoyo. Za matenda, za malamulo, za malo: ntchito yanga ndi kukulozerani khomo loyenera.

Mphekesera si masewera. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Aliyense ankati, "Ndamva kwa wina." Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Masiku ano kandimverereyo ali m'thumba mwanu, ndipo amathamanga kuposa minibasi ya pa M1.

Tsopano tulutsani mafoni aja

Ena mukuti, "Mayi, ife tili ndi Google, laibulale ya chiyani?" Ine ndimaigwiritsanso ntchito tsiku ndi tsiku, bandulo ikakhalapo. Foni imakupatsa mayankho ambirimbiri, koma sikuuza kuti loona ndi liti. Ngakhale mapulogalamu atsopano aja amene mumacheza nawo ngati munthu, amatha kukuyankha molimba mtima zinthu zolakwika, ngati mmene ndinachitira ine pakhonde paja. Ndiye musanakhulupirire, komanso musanatumize kwa wina, dzifunseni mafunso anayi awa.

Loyamba: wanena ndani? Uthenga wopanda mwini, wongoti "tumizani kwa anthu khumi", ndi mwana wopanda kwawo. Ngati akuti zachokera ku unduna, ku MANEB kapena ku banki, pitani mukaone pa tsamba lawo lenileni kapena ku ofesi yawo.

Lachiwiri: ananena liti? Zithunzi zambiri zimene zimazungulira ndi zakale kapena za dziko lina. Ngakhale buku limakalamba. Buku lakale likuuzani chiwerengero china cha anthu a m'boma lino, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 659,000 m'Ntcheu muno. Onani chaka nthawi zonse.

Lachitatu: pali winanso, wosagwirizana ndi woyambayo, amene akunena zomwezo? Magulu atatu a WhatsApp amene akopera uthenga umodzi si mboni zitatu ayi. Ndi mboni imodzi yovala malaya atatu.

Lachinayi: akufuna chiyani kwa ine? Uthenga ukamakufulumizitsa, ukamakuopseza, kapena ukamafuna ndalama ndi nambala yako yachinsinsi, ima kaye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukaberedwa kapena mukaona zachinyengo, kaneneni kupolisi ndi ku kampani ya foni yanu, ndipo chenjezani anzanu. Musachite manyazi, akuba amadalira manyazi anuwo.

Ndipo mukalowa mu laibulale, musaope manambala ali pamsana pa mabuku aja. Ndi njira imene anakonza Melvil Dewey wa ku America mu 1876. Ma 400 ndi zilankhulo, ma 500 ndi sayansi ndi masamu, ma 600 muli zaulimi ndi zaumoyo, ma 900 ndi mbiri ndi jogalafe. Mbiri ya Malawi muipeza pa 968.97. Mukadziwa zimenezi, laibulale iliyonse imene imatsata njirayi mulowamo ngati kwanu. Kwa amene ntchitoyi yakusangalatsani, dziwani kuti ndi ntchito yophunzirira. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a digiri a za malaibulale ndi kasungidwe ka uthenga.

Pempho langa kwa kalabu ino

Ndisanakhale pansi, ndikusiyireni ntchito ziwiri.

Yoyamba, pezani katoni, muiboole pamwamba, ikhale bokosi la mafunso. Aliyense aziponyamo funso lake osalemba dzina, kuti wamanyazi naye afunse. Pa msonkhano uliwonse tolani awiri, mupatse anthu awiri kuti akafufuze. Lamulo likhale limodzi: wobwera ndi yankho anene kumene walipeza. Wolephera kupeza anene poyera kuti sanapeze, ndipo mumuombere m'manja, chifukwa ameneyo ndi wabwino kuposa wopeka. Gulaninso kope ngati langali. Pakatha chaka mudzadabwa.

Yachiwiri, pitani kwa agogo anu ndi mafoni amenewa, muwapemphe chilolezo, muwajambule mawu. Afunseni kuti dzina la mudzi wanu linabwera bwanji. Afunseni tanthauzo la mfunda wanu. Afunseni mawu a Chingoni amene akuwakumbukirabe, poti chilankhulocho kuno chatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'malonje a mafumu basi. Afunseni za njala ya 1949 ngati anaiona kapena kuimva kwa makolo awo, ndi za nthawi imene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza m'midzi ya m'malire muno. Mukapita ku Umhlangano kwa Nkolimbo, musangojambula zovala ndi magule, khalani pansi ndi achikulire muwafunse. Zinthu zimenezi simungazipeze pa intaneti pokhapokha wina atazilemba, ndipo winayo ndinu. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zakale ya National Archives, koma zimene zili m'mutu mwa agogo anu kulibe kumeneko. Agogo aja amene anandikonza za K50 anatisiya chaka chathachi. Ndinkangoti ndidzapita kukacheza nawo, ndidzapita, mpaka osapita. Zimenezi zimandipwetekabe.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndawonjezerapo pang'ono kuchokera pa zimene ndaona: wofunsidwa naye akayankha mothamanga, amadyetsa anzake phula lomwelo. Ndiye funsani, musaope kusekedwa. Mnzanu akakufunsani, musamuseke. Ndipo musanayankhe, yambani mwaona.

Alonda aja akudziwa kuti ndili kuno, ndipo ndi iwo amene anandilola kuti ndikambe nkhani yawo, anati mwina ipulumutsa mbuzi ya wina. Anditumanso funso loti ndikufunseni, poti ine landikanika sabata yonse. Akuti, kodi dzina loti Kampepuza linabwera bwanji? Limeneli likhale loyamba kulowa m'bokosi lanu. Amene alipeze, abwere andiuze kumene walipeza, Fanta ndigula ndine.

Zikomo a wapampando, zikomo nonse pondimvetsera.

*

Bokosi la mafunso tayamba kale, lili ndi alembi. Amene muli kutali, lembani funso lanu m'munsimu kapena mutumize kwa aliyense wa komiti. Tikumane Loweruka likubwerali nthawi yomwe ija, ndipo aliyense abwere ndi cholembera.